Thabwa la Milandu ndi Mkuyu wa Gologolo

Padangokhala. Muvomere mwamphamvu, chifukwa iyi simudaimvepo kwa munthu wina aliyense.

Padali mudzi wa nyama umene mfumu yake idali Njovu, mayi wamkulu wofatsa, wokonda tulo ta masana. Njovu adatopa ndi milandu ya magazi. Lero uyu wang'ambidwa khutu, mawa uja wathyoledwa nyanga. Tsono adasonkhanitsa mudzi wonse nalamula kuti mano ndi zikhadabo zipume. Awiri akakangana, azikhala pansi n'kusewera pa thabwa, ndipo wopambana ndiye mlandu wamukomera.

Thabwalo adalisema Nyani, mmisiri wa kubwalo. Lidali ndi mizere ya maenje ngati bawo, ndipo kumapeto kuno ndi uko kudali dzenje lalikulu lotchedwa nyumba. Aliyense ankasewera ndi tiziboliboli ta mtundu wake, timene ankatitcha ana. Woyamba kulowetsa mwana wake m'nyumba ya mnzake ndiye wapambana.

Koma Nyani adali wokonda kunyambita akuluakulu. Adati mwana aliyense aziyenda monga ayendera mwini wake. Ana a Nyalugwe ankalumpha maenje atatu n'kudya aliyense amene amugwera. Ana a Gologolo ankasendera kadzenje kamodzi, osadya kanthu. Ndiye mwaona nokha. Magazi adaleka ndithu, koma amphamvu ankapambanabe monga kale, kungoti tsopano ankapambana atakhala pa mphasa.

Nduna yaikulu ya Njovu idali Nyalugwe, ndipo pa thabwa adali asanagonjepo. Tsiku lina adafika pa mkuyu umene Gologolo ankakhalamo ndi mwamuna wake ndi ana awo. Adapeza mayiyo akusesa pansi pa mtengowo, monga ankachitira m'mawa uliwonse.

"Iwe, mtengo uno ndi wanga," adatero Nyalugwe.

"Mwadzuka bwanji, a Nduna?"

"Ndati ndi wanga. Malume anga adanolerapo zikhadabo pa tsinde pano. Ndikufuna nthambi iyo, yokolekapo nyama ndi kugonapo masana."

"Amalume anuwo adanolera pa mitengo yambiri. Mutenga nkhalango yonse?"

"Tikakumane pa thabwa."

Nyalugwe atachoka, mwamuna wa Gologolo adatsika atayamba kale kumanga katundu.

"Amake Kamchira, tisamuke. Kuli mphako ina kutsidya."

"Ija ya njoka ija?"

"Njoka ndi imodzi, tikhoza kumvana nayo."

"Masulani mtolowo, bambo a Kamchira. Ine mchombo wanga udagwera pano, wa ana angawa udagweranso pano. Sindipita kulikonse."

Adatenga tsache naliimika pa tsinde, n'kuuyamba ulendo wa kubwalo. Ana ake adamuperekeza ndi nyimbo ali m'nthambi. Wamkulu, Kamchira, ankatsogolera pofunsa mkuyu kuti mwini wake ndani, ang'onoang'ono n'kumavomera kuti mwini wake ndi amene amasesa pansi pake. Kanyimbo kake kadali kofulumira, ka m'manja, ndipo mwamuna uja adapezeka akugwedeza mchira mtolo uli kumutu.

Pabwalo Gologolo adagwada, naomba m'manja.

"Zikomo amfumu. Kusewera sindikukana. Koma ndifunse, pa thabwali wamng'ono adapambanapo?"

Njovu adakupiza makutu, nayang'ana Nyani. Nyani adayang'ana kumwamba.

"Sadapambanepo," Njovu adavomera. "Nkhaniyi imandisowetsa tulo, ine amene tulo ndimatikonda. Ukuti titani?"

"Mundilole ndiyese kukonza mayendedwe a ana. Tizisewera moyeserera chabe, popanda mtengo kutengedwa."

"A Nduna, mukuti bwanji?"

Nyalugwe adayasamula. "Akonze mmene afunira. Mbewa ikavala mkanda ndi mbewa ndithu."

"Chabwino," adatero Njovu. "Uli ndi nthawi mpaka nkhuyu zitapsa. Zikangopsa, musewera zenizeni, ndipo wogonja asadzaponde pa mtengowo."

Kuyesa koyamba, Gologolo adapempha kuti ana ake achuluke. Nyani adasema ena mpaka mbali yake idadzaza ngati msika. Nyalugwe adangolumpha uku n'kudya, kulumpha uko n'kudya, osaganiza n'komwe.

"Mayi iwe, wangondiwonjezera ndiwo," adatero akuseka, mwana wake ali kale m'nyumba ya Gologolo.

Gologolo adabwerera kwawo napeza mwamuna wake atamanganso mtolo. Adaumasula, natenga tsache. Nkhuyu zidali zikadali zobiriwira, zolimba ngati miyala. Ana adaimba nyimbo yawo ija, kufunsa mwini wa mkuyu ndi kudziyankha okha.

Kuyesa kwachiwiri, adapempha kuti pa thabwa pakhale maenje ena otchedwa mphako, mmene mwana wa Gologolo akalowa sangadyedwe. Nyani adawazunguliza ndi makala. Masewero atangoyamba, ana onse a Gologolo adathamangira m'mphako n'kukhala phee. Ena mwa iwo, ali m'mphakomo, adatseka njira ya kunyumba kwawo. Ana a Nyalugwe adazungulira, nazungulira, nazunguliranso.

"Tuluka!" adakalipa Nyalugwe.

"Ndituluke ndidyedwe?"

"Nanga tithera pati?"

"Inenso ndikudabwa, a Nduna."

Dzuwa lidafika paliwombo n'kupendeka. Owonerera adayamba kuchoka mmodzimmodzi. Njovu adali atayamba kale mkonono, ndipo atadzidzimuka adafunsa kuti wapambana ndani.

"Palibe, amfumu," adatero Nyani.

"Ndiye si masewero amenewo, ndi maliro opanda mtembo. Fufutani mphakozo."

Tsiku limenelo nkhuyu zidali zitayamba kufiira m'mbali. Mwamuna uja sadamange mtolo umodzi, adamanga iwiri. Ana adaimbabe, koma mawu a wotsogolera adali aang'ono, ndipo ovomera ankayang'ana nkhope ya mayi wawo asanayankhe.

Kuyesa kwachitatu, Gologolo adapempha chachikulu. Adati ana ake azidumpha pamutu pa ana a Nyalugwe, ndiponso azisewera kawiri pamene Nyalugwe wasewera kamodzi. Nyalugwe adavomera asanamvetse n'komwe, poti adali kunyambita dzanja. Asanamalize kukhala bwino pa mphasa, mwana wa Gologolo adali atalowa m'nyumba yake.

Kenako Mbira adaseka kuseri kwa mwala, Kamba nayenso, mpaka phokoso.

Nyalugwe adadzambatuka. "Chinyengo ichi! Amfumu, chilungamo chili kuti? Masewero otani oti wina apambane mnzake asanagwire mwana?"

"Pepani a Nduna, makutu angawa ndi aang'ono," adatero Gologolo. "Mwati chiyani chili kuti?"

"Chilungamo!"

"Ee, ndimati kapena ndamva molakwa. Mawu amenewa m'kamwa mwanu ndi achilendo."

Njovu adabisa kamwa ndi chitamba. Koma adagamula kuti nduna yanena zoona, masewero okomera mbali imodzi ndi oipa ngakhale mbaliyo ikhale ya wamng'ono. Adawakumbutsanso kuti mbalame zayamba kale kujompha nkhuyu. Mawa lake kudali kusewera kwenikweni.

Mwamuna wa Gologolo adalira ndithu. "Katatu konse walephera! Tsono mawa usewera ndi chiyani?"

"Ndani wakuuzani kuti ndalephera? Siyani kulira, mukapemphe chisa cha uchi kwa alamu anu a Chiuli. Chachikulu, chodontha."

Apa ndipo muone nzeru za mkazi, ndipo ine ndikamanena za nzeru za mkazi ndimadziwa chimene ndikunena.

Pamudzipo padali mwambo woti awiri a mlandu adye chinthu chimodzi asanasewere, kuti pasakhale chidani. M'mawa Gologolo adafika ndi chisa chija pa tsamba la nthochi, nachiika pakati pa bwalo. Nyalugwe adameza malovu. Gologolo adatenga kampeni, nadula kachidutswa kochepa ngati chala, n'kukankhira kwa Nyalugwe. Chachikulu chonse adachikokera kwa iye mwini.

"Ukuchita chiyani?" adafunsa Nyalugwe.

"Ndagawa. Chanu ndi icho."

"Kodi udaleredwa kuti iwe? Wogawa sasankha! Wadula ndiwe, ndiye wosankha ndine."

"Zoona? Ine ndimayesa ndi za ana pogawana chinangwa."

"Ndi mwambo wa makolo! Ife kosaka timatero, wodula nyama amatenga chotsala. Amfumu, muuzeni wamwano uyu."

"Ndi mwambo ndithu," adatero Njovu.

"Ngakhale wogawayo akhale wamkulu?" adafunsa Gologolo.

"Ngakhale akhale nduna!" adatero Nyalugwe, chisa chachikulu chili kale m'kamwa. "Pabwalo lino wogawa sasankha. Amve onse."

Onse adamva. Gologolo adanyambita kachidutswa kake mwaulemu, napukuta pakamwa, n'kugwadanso pamaso pa Njovu.

"Amfumu, ine ndayesa katatu ndipo ndaona kuti nzeru zanga n'zochepa. Amene amalidziwa thabwali ndi a Nduna. Agawe okha mphamvu za ana, mbali zonse ziwiri, monga afunira. Ine sinditsutsa kanthu."

Mwamuna wake adagwa chagada. Nyalugwe adaseka mpaka uchi udamutsamwa. Adakhala pa thabwa nayamba kugawa. Ana a Nyalugwe azilumpha maenje anayi, azidya kutsogolo ndi kumbuyo, azisewera koyamba. Ana a Gologolo atsale atatu okha, aziyenda dzenje limodzi, ndipo akakumana ndi wamkulu azibwerera m'mbuyo popereka ulemu.

"Mwamaliza, a Nduna?"

"Ndamaliza."

"Simuonjezapo?"

"Ndati ndamaliza."

Gologolo adazungulira thabwa pang'onopang'ono, nakakhala kumbuyo kwa ana a Nyalugwe. Adasisita mmodzi pamutu.

"Choka apo, ndi ana anga amenewo!"

"Mwagawa ndinu, a Nduna. Ine ndasankha."

Nyalugwe adatembenukira kwa Njovu, kamwa lili yasa. Njovu adamuyang'ana ndi diso limodzi.

"Uchi ukadali pa ndevu zanu, a Nduna. Mwanena nokha kuti ngakhale akhale nduna."

Nyalugwe adayang'ana tiana titatu ta Gologolo tija, toyenda chobwerera. Adakanda pansi, natsokomola.

"Ndinalakwitsa pang'ono pogawa," adatero motsitsa mawu. "Mayi, mungandilole ndigawenso?"

Mwamuna wa Gologolo adadzuka msanga nanong'oneza mkazi wake. "Osalola! Sewera, umudye, tizipita kwathu."

"Ndikamudya chotere, mawa abwera ndi zikhadabo, ndipo amfumu adzakhala ali mtulo," adayankha Gologolo. "Komanso thabwali silithera pa ife. Mawa akhalapo a Mbira, mkuja a Kamba." Ndipo adakweza mawu. "Gawaninso, a Nduna. Munthu amalakwa."

Nyalugwe adaganiza kuti wachenjera. Mumtima adati mayi ameneyu maso ake ali pa ana amawangamawanga, adzasankhanso omwewo. Tsono adachotsa mphamvu zonse kwa ana a Nyalugwe naziunjika kwa ana a Gologolo, uku akuimba mluzu ngati palibe chimene akuchita. Atamaliza, Gologolo adapita kukakhala kumbuyo kwa ana ake omwe.

"Si paja unasankha awa?" adafuula Nyalugwe.

"Paja anali onenepa. Tsopano aonda."

Bwalo lidafa ndi phwete. Nyalugwe adapemphanso, Gologolo adalolanso.

Apa tsono nduna idagwira ntchito imene idali isanagwirepo chibadwire. Idayamba kuganiza. Inkakhala mbali iyi n'kusewera, kuthamangira mbali inayo n'kudziyankha, kubwereranso. Ikaona kuti ana a Nyalugwe akupambana, inkawachepetsa. Ikaona kuti a Gologolo apitirira, inkawabweza. Idachepetsa kulumpha kukhala maenje awiri. Idabwezera mphako ziwiri zokha, koma wolowamo atuluke ulendo wotsatira. Zidakanikabe, ana a Nyalugwe ankadya msanga.

"A Kamba," adaitana Nyalugwe, mawu ali ofewa, "inu mwaluza pano kambirimbiri. Chimakupwetekani kwambiri n'chiyani?"

Kamba adatulutsa mutu, nayang'ana kumbuyo kuti kapena pali Kamba wina. Chibadwire nduna idali isanamufunsepo kanthu.

"Ndi kudya kosapumira, bwana. Inu mukadya mbawala mumatani?"

"Ndimagona."

"Nanga ana anuwa bwanji sagona?"

Nyalugwe adamenya pansi ndi mchira. Adaika lamulo loti wodya agone. Amene wadya mwana wa mnzake aphonye ulendo umodzi, mnzakeyo asewere kawiri, ndipo mwana wa Gologolo akhoza kudumpha pamutu pa wogonayo. Adayesa mbali iyi, idapambana. Adayesa inayo, nayonso idapambana. Adayesanso kangapo.

"Mwamaliza, a Nduna?"

"Ndamaliza. Sankha. Ine ndemwe sindikudziwa kuti yabwino ndi iti."

"Amfumu, mwamva?" adatero Gologolo. "Thabwa lanu lija lakonzeka tsopano."

Adapita nakakhala kumbuyo kwa ana ake. "Mwana wako ndi wako, ngakhale akhale wa mamina."

Masewero a tsiku limenelo anthu akadawasimbabe. Palibe adachoka, ndipo Njovu sadawodzere ngakhale pang'ono. Nyalugwe adadya awiri, nagona kawiri, Gologolo n'kusendera kutsogolo. Kenako Nyalugwe adachenjera, nasiya mlonda mmodzi pakhomo pa nyumba yake, wina n'kumuthamangitsa cha kumbali. Wothamangayo adafika pafupi, moti kudatsala kulumpha kuwiri kuti alowe m'nyumba ya Gologolo, ndipo panjira padalibe womutseka. Gologolo adali ndi ana awiri pafupi ndi mlonda uja, koma mlonda ali maso sadumphika.

Mwamuna wake adatseka m'maso. Ana ake, amene adali atakwera pa mtengo wa pabwalo, adayamba nyimbo ija chapansipansi, kufunsa mkuyu kuti mwini wake ndani. Ulendo uno adavomera ndi Mbira, Kamba ndi tinyama tonse tating'ono.

Nyalugwe adalumpha koyamba. Kudatsala kumodzi. Gologolo adagwira mwana wake mmodzi, wonenepa bwino, namuika pamalo penipeni pamene mlonda akhoza kumugwera. Kenako adagwira pakamwa.

"Mayo ine, ndalakwitsa! A Nduna, ndibweze?"

"Wagwira wagwira!" adatero Nyalugwe.

Akadayang'ana mbali inayo, akadalumpha n'kulowa, mkuyu ukadakhala wake. Koma dzanja limene silidasiyepo nyama pa mbale lidapita lokha. Mlonda adadya, ndipo wodya agone. Gologolo adadumphitsa mwana wotsalayo pamutu pa mlonda wogona, naseweranso kachiwiri. Gwa! m'nyumba.

Phokoso lake lidathawitsa mbalame. Mwamuna wa Gologolo ankauza aliyense kuti nzeru ya uchi adaiyambitsa ndi iye, poti adakautenga ndiye. Njovu adagamula kuti mkuyu ndi wa Gologolo ndi zidzukulu zake, ndipo kuyambira tsikulo pa mlandu uliwonse wina agawe mphamvu za ana, mnzake asankhe mbali. Nyani adati iye adali ataziganiza kale zimenezo, koma palibe adamumvera.

Nyalugwe yekha adatsala pa mphasa, maso ali pa thabwa.

"Ndikadapanda kudya ndikadapambana," adatero.

"Mukadapambana ndithu," adavomera Gologolo.

"Ndiye kuti ndikhoza kukugonjetsa."

"Mukhoza."

"Tibwereze."

"Mtengo wapita, a Nduna."

"Za mtengo ndani akunena? Nthambi zilipo zambiri. Ine zaka zonsezi ndimayesa ndikusewera, chikhalirecho ndimangodya. Lero mtima unagunda."

M'mawa mwake banja la Gologolo lili kudya nkhuyu zakupsa, lidaona nduna ikubwera itasenza thabwa pamutu. Idaima patali, poti wogonja sankaloledwa kuponda pamtengopo.

"Odi kuno, amake Kamchira!"

"Fikani, a Nduna. Wobwera ndi odi ndi mlendo, lamulo lija silimukhudza."

Nyalugwe adatula thabwa. Pansi padali nkhuyu zakugwa ndi masamba, poti mayi adali asanasese. Pofuna kuonetsa ulemu, nduna idatenga tsache limene lidatsamira pa tsinde kuti ikonze pokhala. Ana m'mwamba adali atayamba kale nyimbo yawo, Kamchira akufunsa mkuyu kuti mwini wake ndani.

Ang'onoang'ono asanavomere, Gologolo adatsika ngati mphezi nalanda tsachelo.

"Ayi, ayi, a Nduna. Inu yalani ana, mugawe mmene mufunira. Koma kusesa pano ndisesa ndekha."

Yanga yathera pa tsache. Amene akuti ali ndi ina yoposa iyi aiyale pambali pa yangayi, koma akumbuke kuti wosankha si iye.